Galu Wothawa Pakhomo ndi Kalata ya Chindapusa ya Khonsolo: Lipoti la Nkhani ya ku England

Lipoti ili likufotokoza nkhani imene ndinaigwira monga mlangizi wa zamalamulo pa ofesi yothandiza anthu kwaulere m'tauni ina ya ku England. Dzina la mwini nkhani, la tauni ndi la khonsolo ndawasiya dala, ndipo ziwerengero za chindapusa zimene ndatchula ndi zimene zinkagwira ntchito pa nthawi ya nkhaniyi. Malamulo amene akukambidwa muno ndi a ku England, ndipo wokhala ku Scotland kapena ku Northern Ireland asawatenge ngati ake, chifukwa kumeneko nkhani za agalu zimayendetsedwa mosiyana.

Zimene zinachitika

Mwini nkhani ndi mayi wochokera ku Malawi amene amagwira ntchito usiku pa nyumba yosamalira okalamba. Amakhala ndi mwana wawo wamwamuna wa zaka 15 m'nyumba ya lendi yokhala ndi kabwalo kuseri, kotchingidwa ndi mpanda wamatabwa, ndipo m'mbali mwa nyumbayo muli geti laling'ono lotulukira kumsewu. Galu wawo ndi wamkulu pang'ono, wa mtundu wosakanikirana, ndipo sali m'gulu la mitundu yoletsedwa. Anamulandira kwa mnzawo wa kutchalitchi amene anasamukira mzinda wina.

M'mawa wa tsiku la nkhaniyi mayiwa anafika kuchokera kuntchito n'kukagona. Mwana, asanapite kusukulu, anatulutsa galu kubwalo lakuseri monga amachitira masiku onse. Patapita nthawi pang'ono munthu wobweretsa katundu wogulidwa pa intaneti anagogoda kutsogolo, ndipo ataona kuti palibe woyankha anatsegula geti lam'mbali, anaika phukusi kuseri kwa bini, n'kutuluka osabwezera kachitsulo kotsekera. Galu anatuluka, anaoloka msewu, n'kukalowa m'paki yapafupi, ndipo kumeneko anakafika mpaka m'malo osewerera ana ang'onoang'ono amene ali ndi mpanda wawowawo. Sanalume munthu, koma anathamangathamanga mozungulira zisewero, ndipo mayi wina amene anali ndi mwana wazaka ziwiri ananyamula mwana wake akufuula. Munthu wina anagwira galuyo pa lamba wa m'khosi n'kuimbira khonsolo, ndipo wantchito woyang'anira agalu anabwera kudzamutenga.

Lamba wa m'khosi analibe dzina kapena adiresi. Wantchitoyo atapima ndi makina anapeza kuti galu ali ndi microchip, kachipangizo komuzindikiritsa koikidwa pansi pa khungu, koma kaundula wake anasonyeza dzina la mwini wakale ndi nambala ya foni imene inali itasiya kugwira ntchito. Chifukwa cha ichi galu anagona mausiku awiri m'khola la khonsolo, mwini wake akuzungulira m'misewu n'kumafunsa anthu, mpaka woyandikana naye nyumba anamuuza kuti aimbire khonsolo. Pokamutenga analipira ndalama za khola, ndipo pomwepo anapatsidwa makalata ena awiri: lina lomulamula kukonza za microchip m'masiku 21, lina la chindapusa cha mapaundi 100 chifukwa chophwanya lamulo la khonsolo loletsa agalu kulowa m'malo osewerera ana. Polandira makalatawo anapepesa kwambiri ndi kunena kuti cholakwa ndi chake, ndipo wantchitoyo analemba mawu amenewo m'buku lake.

Anafika ku ofesi yathu kutatsala masiku asanu kuti nthawi yolipirira chindapusa ithe. Maganizo ake anali akuti khonsolo yamulanga katatu pa nkhani imodzi, ndipo ankafuna kuchita apilo pa zonse zitatu.

Mapepala atatu, malamulo atatu

Ntchito yoyamba inali kuyala mapepalawo patebulo ndi kumuonetsa kuti sakuchokera ku lamulo limodzi, ndiponso kuti limodzi lokha ndi limene linali loyenera kulimbana nalo.

Risiti ya khola inachokera pa gawo 149 la Environmental Protection Act 1990, limene limapatsa khonsolo udindo wogwira agalu osochera. Gawoli likunena kuti mwini galu alibe ufulu womutenganso pokhapokha atalipira zonse zimene khonsolo yawononga posunga galuyo, kuphatikizapo ndalama yokhazikika ya mapaundi 25, ndipo ngati masiku asanu ndi awiri athunthu adutsa mwini wake asanamuwombole, khonsolo ikhoza kumugulitsa, kumupereka kwa wina, kapena kumupha mopanda kumuzunza. Ndalama imeneyi si chilango, ndiye funso lakuti analakwa ndani silibukapo n'komwe. Galu wapezeka yekha pamalo a anthu onse, wasungidwa, wadyetsedwa, ndipo mwini wake amalipira ngakhale amene anasiya geti atakhala munthu wina. Ndinamuuza mayiyu kuti pamenepa palibe chotsutsa.

Kalata ya microchip nayonso inali yolondola. Kuyambira pa 6 April 2016 galu aliyense wopitirira masabata asanu ndi atatu ku England ayenera kukhala ndi microchip, ndipo lamulo silikhutira ndi kachipangizo kali pansi pa khungu kokha: dzina ndi adiresi za amene akusunga galuyo panopa ziyenera kukhala zolondola m'kaundula. Wosamvera kalatayo m'masiku 21 akhoza kulipitsidwa mpaka mapaundi 500 kukhoti. Tinaikonza nkhaniyi tili mu ofesi momwemo: mayiwa anaimbira mwini wakale, iye anavomereza kusintha dzina, ndipo uthenga wotsimikizira utafika tinautumiza ku khonsolo.

Panalinso cholakwa china chimene khonsolo sinachilembe, ndipo ndinaona kuti n'kofunika kuti achidziwe asanaganize zolimbana. Control of Dogs Order 1992 imafuna kuti galu ali pamsewu kapena pamalo a anthu onse avale lamba wokhala ndi dzina ndi adiresi ya mwini wake, ndipo microchip silowa m'malo mwa zimenezi. Munthu amene akupempha khonsolo kuti iunikenso fayilo yake amakhala akuipemphanso, mosadziwa, kuti ione zimene inaphonya. Anagula kachitsulo kolembapo dzina tsiku lomwelo.

Mayiwa anabwera ndi mfundo yakuti galuyo kwenikweni ndi wa mwana wawo, chifukwa ndiye amamudyetsa ndi kuyenda naye. Mfundoyi inafa msanga. Malamulo a kuno salola kholo kubisala kumbuyo kwa mwana wosakwana zaka 16: Animal Welfare Act 2006 imaika udindo wa chiweto cha mwana wotere pa amene akulera mwanayo, ndipo gawo 6 la Dangerous Dogs Act 1991 limawerengera mutu wa banja monga mwini galu. Komanso sindinaone nzeru yokokera mnyamata wapasukulu m'nkhani ya milandu pofuna kupulumutsa mapaundi 100.

Kalata ya chindapusa

Kalata yachitatu inali Fixed Penalty Notice yoperekedwa pansi pa gawo 68 la Anti-social Behaviour, Crime and Policing Act 2014. Lamulo limeneli limalola makhonsolo kukhazikitsa malamulo a m'dera otchedwa Public Spaces Protection Order, mwachidule PSPO, amene analowa m'malo mwa malamulo akale oyendetsera agalu a pansi pa Clean Neighbourhoods and Environment Act 2005. Khonsolo ikhoza kulamula kuti agalu akhale pachingwe pamalo ena, kuti asalowe konse pamalo ena, kapena kuti munthu mmodzi asayende ndi agalu opitirira chiwerengero china. Gawo 67 likunena kuti kuphwanya PSPO popanda chifukwa chomveka ndi mlandu, ndipo khoti likhoza kulipitsa mpaka mapaundi 1,000.

Chimene anthu ambiri sachidziwa, ndipo mayiyu sankachidziwanso, n'chakuti kalata imeneyi si chigamulo. Ndi mwayi umene khonsolo ikupereka wakuti munthu alipire ndalama yochepa kuti asatengeredwe kukhoti. Lamulo limaletsa khonsolo kuyamba mlandu masiku 14 asanathe, ndipo wolipira m'nthawi imeneyo sangapezekenso wolakwa pa nkhaniyo. Popeza si chigamulo, lamulo silinaikepo njira ya apilo. Amene akukana kuti sanalakwe ali ndi njira ziwiri zokha: kupempha khonsolo kuti ichotse kalatayo mwa kufuna kwake, chimene makhonsolo ambiri amalola ngakhale lamulo siliwakakamiza, kapena kusalipira n'kudikira kukadziteteza pamaso pa majisitireti. Njira yachitatu, yongoika kalata m'kabati n'kuiwala, ndi imene imabweretsa anthu ambiri ku ofesi yathu mochedwa, atagamulidwa kale iwo kulibe kudzera mu Single Justice Procedure, imene imapatsa munthu masiku 21 oti ayankhe ndipo majisitireti mmodzi amaweruza pongowerenga mapepala.

Ndinayamba ndi mfundo zimene mayiwa ankazikonda, kuti tizichotse panjira. Ankati sanaonepo chikwangwani choletsa agalu. Malamulo amafunadi kuti khonsolo isindikize PSPO pa webusaiti yake ndi kuika zikwangwani pamalopo kapena pafupi napo, choncho ndinapempha mwana wawo akajambule zithunzi. Chikwangwani chinalipo, chokhomedwa pa geti lenileni la malo osewererawo, ndipo chinali chowerengeka bwino. Ndinafufuzanso ngati lamulolo linali lamoyo, popeza PSPO sipitirira zaka zitatu pokhapokha khonsolo itaiwonjezera nthawi isanathe, ndipo zimachitika kuti makalata amaperekedwa pa lamulo lotha kale. Pano linali litawonjezeredwa moyenera. Kutsutsa lamulo lenilenilo ku High Court kumafuna kuchitika m'masabata asanu ndi limodzi kuchokera pamene lakhazikitsidwa kapena kusinthidwa, malinga ndi gawo 66, ndipo nthawi imeneyo inali itapita kalekale. Ngakhale ikanakhalapo, palibe woweruza amene angaone zachilendo pa kuletsa agalu pamalo osewerera ana.

Mphamvu ya nkhani yathu inapezeka m'mawu a PSPO yeniyeniyo, osati m'chidule chimene chinalembedwa kuseri kwa kalata ya chindapusa. Chidulecho chinkangoti agalu saloledwa m'malo osewerera ana. Koma lamulo lonse, lomwe ndinalitsitsa pa webusaiti ya khonsolo, linkati wolakwa ndi munthu woyang'anira galu amene watenga galuyo n'kulowa naye pamalopo, kapena amene wamulola kulowa kapena kukhalapo. Linawonjezera kuti munthu amene amasunga galu nthawi zonse ndiye aziwerengedwa kuti akumuyang'anira, pokhapokha ngati pa nthawiyo galuyo ali m'manja mwa wina. Gawo lachiwirili linatigwira: mayiwa anali woyang'anira galu ngakhale anali mtulo. Koma gawo loyamba linasiya khomo lotseguka, chifukwa iwo sanatenge galu kupita naye kupaki, ndipo funso linatsala lakuti kodi munthu angalole chinthu chimene sakuchidziwa ndipo chachitika chifukwa cha dzanja la mlendo.

Yankho la funsoli si lophweka monga mmene mwini nkhani ankafunira. Pa malamulo ambiri makhoti amanena kuti kulola kumafuna kuti munthu akhale akudziwa, kapena atatseka maso dala. Koma pa nkhani za agalu pali chigamulo cha 1996 pa mlandu wa Greener, pamene mwini galu anamumanga ndi unyolo pamalo otchingidwa, galu n'kuthawabe n'kukaluma mwana m'bwalo la nyumba ina, ndipo khoti linati munthu akhoza kulola galu kulowa pamalo osayenera pongolephera kusamala mokwanira, ngakhale sanafune kuti zitero. Chigamulocho chinali pa lamulo lina, koma loya wa khonsolo sakanalephera kuchitchula. Kumbali yathu kunali chigamulo cha Court of Appeal cha 2013 pa mlandu wa Robinson-Pierre, pamene galu anatuluka apolisi atathyola chitseko cha nyumba, ndipo khoti linati payenera kukhala kanthu kena kamene mwini galu wachita kapena walephera kuchita kamene kathandizira kuti zinthu zifike pamenepo. Zigamulo ziwirizi zikaikidwa pamodzi, mlandu wonse umagona pa funso limodzi: kodi geti linali lotetezedwa mokwanira munthu wobweretsa katundu asanaligwire?

Apa ndi pamene ndinathera nthawi yambiri. Getilo linali lamatabwa, lalitali kufika m'mapewa a munthu wamkulu, ndipo linkatsekedwa ndi kachitsulo kogwera m'kamphako kamene kamatukulidwa ndi chala kuchokera mbali zonse ziwiri. Linalibe loko kapena sipulingi yolibweza, ndiponso panalibe chikwangwani chochenjeza kuti kuseri kuli galu. Likatsekedwa bwino galu sakanatha kulitsegula, ndipo tinajambula kanema woonetsa zimenezi. Koma aliyense wodutsa mumsewu akanatha kulitsegula, ndipo wozenga mlandu akananena kuti kusiya galu yekha kuseri kwa geti lotere kwa maola angapo n'kusasamala. Ineyo ndinaona kuti majisitireti ambiri sakanavomereza zimenezo, poti nyumba zambiri za m'tauniyi zili ndi mageti otere, koma sindikanalonjeza.

Umboni wa zimene zinachitika unali wabwino kuposa mmene zimakhalira nthawi zambiri. Woyandikana naye nyumba ali ndi kamera pa belu lapakhomo imene imaona mbali ya msewu, ndipo kanema wake anaonetsa wobweretsa katundu akulowa pageti, akutuluka foni ili m'manja, geti likugwedezeka kumbuyo kwake, kenaka galu akutulutsa mutu patapita mphindi zochepa. Uthenga wa kampani ya katunduyo unali ndi nthawi yofanana ndi ya kanemayo, pamodzi ndi chithunzi cha phukusi kuseri kwa bini, chimene chinatsimikizira kuti munthuyo analowadi m'kati mwa mpanda. Ndandanda ya kuntchito inasonyeza kuti mayiwa anaweruka m'mawa womwewo. Ndinawauza kuti apemphe kanemayo tsiku lomwelo, chifukwa makamera otere amafufuta okha zakale pakapita nthawi.

Panali banga limodzi. Nditafunsa ngati galuyu anathawapo kale, mayiwa anati miyezi ingapo m'mbuyomo anatulukapo kamodzi pamene mwana ankatulutsa bini, ndipo woyandikana naye yemweyo ndiye anamubweza. Khonsolo sinkadziwa. Iwo ankafuna kuti m'kalata tilembe kuti zotere sizinachitikepo. Ndinakana, ndipo ndinawafotokozera kuti munthu sakakamizidwa kudziulula yekha, koma saloledwa kunama, ndiponso kuti mboni yathu yaikulu ndi munthu yemweyo amene anabweza galu ulendo woyamba, ndipo akanafunsidwa kukhoti atalumbira akananena zoona. Kalata inangokamba za tsiku la nkhaniyi.

Kuyeza phindu ndi chiopsezo

Mlangizi amene angouza munthu kuti mlandu wake ndi wabwino osamuuza mtengo wa kuluza sanamuthandize. Ndinawayalira mbali zonse ziwiri. Akalipira mapaundi 100 nkhani yatha, ndipo sakhala ndi mbiri yopezeka wolakwa kukhoti. Akakana n'kukaluza, khoti likhoza kuwalipitsa molingana ndi malipiro awo mpaka mapaundi 1,000, kuwonjezerapo ndalama ina ya 40 pa 100 iliyonse ya chindapusacho imene makhoti amaika pa wolakwa aliyense wolipitsidwa, kuwonjezeranso zimene khonsolo yawononga pozenga mlandu, zimene nthawi zina zimaposa chindapusa chenichenicho. Loya wa boma waulere pa mlandu waung'ono ngati uwu sapezeka kawirikawiri, ndipo tsiku la kukhoti ndi tsiku lotayika kuntchito.

Kwa mayiyu panalinso nkhani ya mapepala okhalira m'dziko, popeza akukonzekera kudzapempha unzika. Malangizo a Home Office, unduna woona za unzika ndi zolowa m'dziko, okhudza khalidwe la wopempha unzika satenga kalata ya chindapusa yolipiridwa monga kupezeka wolakwa kukhoti, pokhapokha ngati makalata otere achuluka kapena munthu sanalipire mpaka khoti linamupeza wolakwa. Tanthauzo lake n'lakuti kulimbana ndi kalatayi kukhoti n'kuluza kukanawaika pamalo oipa kuposa kungolipira. Uphungu wa nkhani za kulowa ndi kukhala m'dziko umaperekedwa ndi anthu ovomerezedwa pa ntchito imeneyo, choncho ndinawatumiza kwa mnzanga wa mu ofesi yathu amene ali ndi chilolezo chake, ndipo iye anatsimikiza zomwezo.

Uphungu wanga unali wakuti tilembere khonsolo msanga, tipemphe kuti iimitse masiku pamene ikuunika, ndipo ikakana kuchotsa kalatayo mayiwa alipire, ngakhale mtima ukuwawa. Sindinaone kuti kupambana pa mfundo ya kulola kunali koyenera kuikira pachiswe zaka zimene akhala akudikira unzika. Iwo anavomera, koma ananena momveka kuti zikafika polipira adzalipira chifukwa cha mapepala awo, osati chifukwa chovomera kulakwa. Ndinawayankha kuti lamulo silifuna kuti wolipira avomere kulakwa, ndipo zimenezi zinawakhazika mtima pansi kuposa china chilichonse chimene ndinanena tsikulo.

Kalata yopita ku khonsolo ndi yankho lake

Kalata yathu inali ya masamba awiri. Inayamba ndi kupempha khonsolo kuti itsimikize polemba kuti masiku olipirira aimitsidwa mpaka itayankha, chifukwa kulemba kalata yodandaula pakokha sikuimitsa nthawi, ndipo khonsolo ili ndi miyezi isanu ndi umodzi yoyambira mlandu wotere malinga ndi gawo 127 la Magistrates' Courts Act 1980. Kenaka inafotokoza zochitika motsatira nthawi yake, chochitika chilichonse ndi umboni wake. Inatchula mawu a PSPO monga alili, n'kunena mfundo ziwiri: kuti mayiwa sanatenge kapena kulola galu kulowa pamalopo, ndipo ngati khonsolo ikuona mwina, kutsegulidwa kwa geti ndi mlendo iwo ali mtulo ndi chifukwa chomveka pansi pa gawo 67. Za kupepesa kwawo tinazikamba poyera osadikira kuti khonsolo izitchule: tinati anapepesa chifukwa cha mantha amene mwana ndi mayi ake anakumana nawo, ndipo pa nthawiyo anali asanaone kanema wa kamera, ndiye sankadziwa n'komwe mmene galu anatulukira. Pomaliza inasonyeza zimene zakonzedwa, ndi zithunzi zake: loko pageti, sipulingi, chikwangwani, dzina pa lamba, ndi kaundula wa microchip.

Sitinalembemo za kuvutika kwa ndalama kapena za ntchito yolemetsa ya usiku, ngakhale mayiwa ankafuna. Makalata ambiri opita ku khonsolo amadzaza ndi zimenezi, ndipo wowerenga amangoona munthu wopempha chifundo pa cholakwa chimene wavomera. Amene amaunika kalata yotere amadzifunsa ngati mlanduwu ungapambane ukapita kukhoti, ndiye kalata iyenera kuyankha funso limenelo.

Khonsolo inatsimikiza kuimitsa masiku pa imelo tsiku lotsatira, ndipo patapita masabata angapo inayankha kuti yachotsa kalata ya chindapusa chifukwa cha umboni wa kamera. Sinavomereze mfundo yathu ya kulola, ndipo sinaitchule n'komwe, chimene sichinandidabwitse, popeza kuivomereza polemba kukanaimanga manja pa agalu onse othawa m'tsogolo. Inangoti pa nkhani iyi yokha yaona kuti panali chifukwa chomveka.

Mu envulopu yomweyo munali chenjezo lolembedwa pansi pa gawo 43 la lamulo lomwe lija la 2014, lowauza kuti asunge geti lokhoma nthawi zonse galu akakhala panja ndiponso kuti galu asapezekenso yekha pamalo a anthu onse. Mayiwa analiona ngati kapepala wamba, koma ndinawauza kuti mwa mapepala onse amene alandira, ili ndilo lolemera. Chenjezoli ndi sitepe imene lamulo limafuna khonsolo isanapereke Community Protection Notice, kalata yolamula munthu kusiya khalidwe losokoneza anthu a m'dera, ndipo kuphwanya zimene kalata imeneyo yalamula ndi mlandu umene munthu angalipitsidwe nawo mpaka mapaundi 2,500. Chenjezo lenilenilo lilibe apilo, koma Community Protection Notice ili nayo, ku khoti la majisitireti, m'masiku 21. Tikanatha kunena kuti kuthawa kamodzi sikukwana muyeso wa khalidwe lopitirira limene gawo 43 limafuna, koma podziwa za ulendo woyamba uja ndinaona kuti n'kwanzeru kusaikoka nkhaniyo.

Apolisi

Mayi wa mwana uja anadandaula kupolisi, ndipo wapolisi woona za agalu anafika kunyumba pamene tinali kudikira yankho la khonsolo. Iyi ndi mbali imene ikanatha kusintha nkhani yonse. Gawo 3 la Dangerous Dogs Act 1991 limagwira galu wa mtundu uliwonse amene wasowa womugwira mpaka kufika poopsa, ndipo galu sachita kufunika kuluma: n'zokwanira kuti pakhale zifukwa zomveka zoopera kuti avulaza munthu. Popanda wovulala chilango chimafika miyezi isanu ndi umodzi m'ndende, munthu akavulala zaka zisanu, akafa zaka 14, ndipo khoti likhoza kulamula kuti galu aphedwe kapena kuletsa mwini wake kusunganso galu. Kuyambira mu May 2014 gawoli limagwiranso ntchito m'nyumba ndi m'bwalo la mwini galu, mfundo imene ndimaibwereza kwa anthu akwathu amene anazolowera kuti galu ndi mlonda ndipo chimene wachita m'kati mwa mpanda sichikhudza boma. Wobweretsa katundu uja akanalumidwa kuseri kwa nyumba, woyankha mlandu akanakhala mayiwa.

Ndinawalangiza kuti amulandire wapolisiyo, amuonetse galu ndi geti, koma akapemphedwa kukayankha mafunso monga woganiziridwa mlandu asayankhe popanda loya, amene pa nthawi yofunsidwa ndi apolisi amaperekedwa kwaulere. Sizinafike pamenepo. Munthu amene anagwira galu anauza apolisi kuti galuyo sanauwe kapena kuonetsa mano, ndiponso kuti galuyo anabwera yekha ataitanidwa. Wapolisi anaona galuyo, anayesa loko, n'kulemba kuti apolisi sachitapo kanthu kena.

Mmene fayilo inatsekedwera

Ndalama za khola sizinabwezedwe. Tinalembera kampani ya katundu ija kupempha kuti ibweze, ndipo inayankha ndi kupepesa kopanda ndalama. Njira yokasuma ku khoti la milandu ing'onoing'ono ya ndalama inalipo, koma ndalama yolipira posuma ndi nthawi yake zinali zosagwirizana ndi chimene chikanabwezedwa, ndipo mayiwa anasankha kuisiya. Popeza palibe anavulala ndipo palibe katundu anawonongeka, nkhani ya chipukuta misozi pansi pa Animals Act 1971 sinabuke, koma ndinawalangiza kuti atenge inshuwalansi yolipira anthu ena galu akawavulaza kapena akachititsa ngozi pamsewu, ndipo anaitenga. Mwini nyumba anavomereza polemba kuti loko ndi sipulingi zikhale pageti. M'kalata yotsekera fayilo ndinawalembera kuti chenjezo la khonsolo likadali m'mabuku ake, kuti asunge kanema ndi makalata onse, ndiponso kuti akadzalandira Community Protection Notice abwere nayo sabata yomweyo, chifukwa masiku 21 a apilo amayamba kuwerengedwa tsiku limene yaperekedwa.